7 YA CHINGEREZI NDIYO INANDISIYA KUNYANJA

Abale anga, dzulo ndinali ku Lilongwe kukasaka mapulagi a injini ya boti kumashopu a ku Malangalanga, ku Old Town. M'minibasi yopita ku City Centre ndinakhala ndi mtsikana wina wa ku Area 47 amene akufunsira malo ku yunivesite. Pocheza anandiuza kuti pa MSCE Masamu anapeza 6, Chingerezi 3. Ine Masamu ndinapeza 2, Physics 3, koma Chingerezi 7. Iye dzina lake likaunikidwa, ine langa silinafike n'komwe patebulo.

Mafana a Fomu 3 ndi 4, tamverani bwino. Ku MANEB, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Kuti a NCHE akuganizireni ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, pamafunika makirediti 6, ndipo Chingerezi chikhale pomwepo. 7 imakupatsa setifiketi, koma ya ku Bunda kukaphunzira za nsomba iwalako. Ine izi ndinazidziwa zotsatira zitatuluka kale.

Pepala la zotsatira limangoonetsa nambala imodzi, silinena pamene unagwera. Koma ine ndikudziwa: chimangirizo. Galamala timaloweza, nkhani za m'mabuku timaloweza. Kulemba ndiye sikulowezeka. Kusukulu kwathu, Fomu 4 yonse, aphunzitsi anatichongera zimangirizo ziwiri basi. Sindikuwanena, tinali ambiri m'kalasi. Pomwe mwana wa ku Area 10 kapena 43 Chingerezi amadyera nacho nsima.

Ena akuti Chingerezi achichotse pa zofunika. Ine ayi. Ku yunivesite zonse n'zolemba, ndipo ngakhale buku la injini ya Yamaha limene ndimagwiritsa ntchito si la Chichewa. Chimandiwawa n'chakuti quota system anaithetsa mu 2020 kuti aliyense alowe ndi nzeru zake, koma pa kulemba mwana wa msodzi akupalasa bwato pomwe mnzake ali pa boti la injini.

A ku Capital Hill, tipatseni aphunzitsi okwanira oti azichonga zolemba. A MANEB, muzionetsa malikisi a pepala lililonse, kuti wobwereza adziwe pokonza. Injini sumasula yonse ngati vuto ndi pulagi.

Nanunso ana a kunyanja, musadikire. Sabata iliyonse lembani tsamba limodzi m'Chingerezi: mmene mwera unavutira, mtengo wa usipa, mkangano wa pa doko. Mupatse aphunzitsi kapena aliyense wodziwa alidule ndi bolopeni yofiira. Manyazi a lero ndi ochepa kusiyana ndi a 7.

Ine ndaganiza zobwereza Chingerezi. Bambo akuti ndachedwa, tiona.

Amene muli ndi mwana ku sekondale, mutumizireni uthengawu.