Mawu akuti "ataque" sanena zonse

Chiyambire pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira apolisi ku Mocímboa da Praia, mawu akuti "ataque" sachoka pa wailesi. Ife omasulira timangoti "chiwembu" kapena "kuukira", basi. Sitinalakwe, koma mawuwa amangonena kuti wina wayamba kumenya mnzake. Sanena kuti wamenya bwanji, kapena wamenya ndani.

Chipwitikizi chili ndi mawu ena olunjika, ndipo chinenero chathu sichiperewera. "Emboscada" ndi kulalira: adani amabisala m'mbali mwa msewu kudikira odutsa. Akuluakulu a ku Tete amene ankayenda pa "coluna" nthawi ya nkhondo ya zaka 16 akukudziwa bwino kulalira. "Incursão" ndi kulowa m'mudzi mwadzidzidzi, kufunkha, kuotcha, kenako n'kubwerera. "Cerco" ndi kuzinga, kuti pasakhale wotuluka kapena chakudya cholowa. "Ofensiva" ndi kuthira nkhondo yokonzekera, ya masiku ambiri, monga ija asilikali athu ndi a ku Rwanda analandira nayo Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2021.

Mwina muti izi n'zovutitsa za aphunzitsi. Ayi. Mayi amene wamva kuti pamsewu alalirapo amasiya ulendo n'kukhala pakhomo. Akamva kuti zigawenga zalowa m'mudzi woyandikana nawo, amabereka mwana n'kuthawa. Mukangomuuza kuti "kwachitika chiwembu", mwamuopseza koma simunamuuze chochita.

Palinso china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mawu osalunjika amatha kubisa mlandu. Pa 16 Disembala 1972, asilikali a atsamunda anapha anthu wamba mazanamazana ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete. Kumeneko kunalibe magulu awiri omenyana. Dzina lake ndi "massacre", kupulula anthu opanda zida, ana ndi amayi omwe. Boma la Portugal panthawiyo linakana, ndipo panadutsa zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu António Costa apepese mu 2022. Wotchula zimenezi kuti "ataque" chabe wawachotsera opha aja theka la mlandu.

N'chifukwa chake aphunzitsi amene ndimawakonzekeretsa kukaphunzitsa akuluakulu kuwerenga ndimawapempha chinthu chimodzi. Wophunzira akawerenga "ataque" m'nyuzipepala, musafulumire kupita pa mzere wotsatira. Mufunseni: waukira ndani? Waukira asilikali kapena anthu wamba? Pamsewu kapena m'mudzi? Ngati nkhaniyo siyankha, auzeni ophunzira kuti mtolankhani sanamalize ntchito yake.