NG'ALA SI UKALAMBA: TITENGERE AKULU ATHU KU CHIPATALA

M'mwezi wa September chaka cha 2022, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya maso ya trachoma, ndipo dziko lathu linakhala loyamba kuchita zimenezi kummwera kuno kwa Africa. Nthenda imeneyi, imene imapinda zikope mpaka nsidze n'kumakanda diso, inachititsa khungu anthu ambiri m'midzi. Inagonja chifukwa anthu analandira mankhwala, anaphunzitsa ana kusamba kumaso, anakumba zimbudzi, ndiponso amene zikope zao zinali zitapindika anavomera opaleshoni.

Tikuyamika Unduna wa za Umoyo, mafumu ndi onse amene anagwira nawo ntchitoyi. Koma tikufuna kukumbutsa awerengi athu kuti mdani wamkulu wa maso akadali m'nyumba zathu. Mdaniyo ndi ng'ala, imene ikuchititsa khungu anthu ambiri pa dziko lonse kuposa nthenda ina iliyonse.

M'kati mwa diso muli kagalasi koyera kamene kuwala kumadutsamo. Munthu akamakula, kagalasi kameneka kamachita chifunga pang'onopang'ono. Poyamba agogo amadandaula kuti akuona ngati utsi, kenaka amalephera kulowetsa ulusi pa singano kapena kuwerenga buku la nyimbo ku tchalitchi, ndipo potsiriza sathanso kupita okha kuseri. Madokotala amachotsa kagalasi kowonongekako ndi kuikapo kena kochita kupanga. Ntchitoyi kawirikawiri siifika ola limodzi, munthu samugoneka tulo koma amangochititsa dzanzi disolo, ndipo ambiri amayamba kuona tsiku lotsatira akangowachotsa bandeji.

Kwa anthu a mu mzinda uno wa Blantyre chithandizo chimenechi chili pakhomo. Chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pa Queen Elizabeth Central Hospital, pafupi ndi Ginnery Corner, pa msewu umene tonse timadutsa popita ku Limbe. Wokhala ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa kapena Chilomoni angathe kuyambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera lake, kumene adzamuona ndi kumutumiza ku Queens. Malemu Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso, amene anadzakhalanso Nduna ya za Umoyo mu 2009, anathera moyo wake pophunzitsa anthu ntchito imeneyi kuti ifike kwa aliyense.

Nanga n'chifukwa chiyani akulu ena akungokhala pa khonde, osaona, pamene chipatala chili pafupi chotere? Ambiri a ife timati, "Ndi ukalamba, palibe chochita." Ena timaopseza odwala ndi mphekesera yakuti madokotala akakolowola diso. Enanso timayamba tathira m'diso madzi a masamba, mkaka wa m'mawere kapena mankhwala ogula pa msika, ndipo timakafika ku chipatala diso litachita kale zilonda. Kafukufuku wa m'midzi ya dziko lino amene anasindikizidwa mu 1994 anapeza kuti mwa odwala zilonda ndi matenda ena a pamwamba pa diso, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali atathirako mankhwala achikuda. Chilonda chotere chikasiya chipsera, munthu angathe kutaya diso limene likadachira.

Khungu la munthu mmodzi limasautsa banja lonse. Mayi amene ankagulitsa tomato mu msika wa Limbe amasiya malonda. Telala amatseka makina ake. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti nthawi zambiri amene amapatsidwa ndodo yotsogolera agogo ndi mdzukulu wa msinkhu wa sukulu. Motero maso a agogo akatsekeka, maphunziro a mwana amaimanso.

Tiyenera kuchenjezanso kuti si khungu lonse limene limabwezeka. Nthenda ya glaucoma imawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kawirikawiri popanda ululu, ndipo chimene chatayika sichibwereranso. Nthenda ya shuga nayonso imawononga timitsempha ta m'kati mwa diso munthu asanazindikire. N'chifukwa chake aliyense amene wapyola zaka 40, amene ali ndi shuga, kapena amene kwao kuli wina anachita khungu, ayenera kumapimitsa maso ngakhale sakumva kupweteka. Amisiri owotcherera zitsulo ku Ndirande ndi ophwanya miyala m'mbali mwa misewu asagwire ntchito popanda magalasi oteteza.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Tikupempha abusa, masheikh, mafumu a m'malokeshoni ndi aphunzitsi kuti alankhule za nkhaniyi pa misonkhano yao. Amene anachitidwa opaleshoni ndipo akuonanso aimirire pagulu kuti amantha aone ndi maso ao. Koma udindo waukulu uli pa ife ana ndi adzukulu. Ngati pakhomo panu pali kholo limene likufufuza khoma poyenda, musadikire kuti mvula ithe kapena kuti mwezi uoneke. Patulani tsiku limodzi sabata ino, muwagwire dzanja, mupite nawo ku chipatala.