Mbaula ikamazimazima musathamangire kutseka zenera

Anzathu a ku Dedza boma amatiseka ife a kunsi kwa mapiri tikamadandaula za kuzizira. Ati munthu wa ku Golomoti, Mua kapena Mtakataka angadziwe chiyani za chisanu pamene chaka chonse amagona akutuluka thukuta? Zoona, iwo ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamene nyanja yathuyi siyifika n'komwe mamita 500. Koma abwere adzagone kuno usiku umodzi wokha mu Juni kapena Julaye, mwera ukuwomba, kenaka m'bandakucha kamphepo kozizira n'kumatsika m'mapiri muja. Adzavomera okha. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ali ndi majekete ndi mabulangete awiriawiri, pamene ife nyumba zathu ndi zovala zomwe tinazikonzera dzuwa.

Tsono miyezi imeneyi mbaula imakwezedwa pa ntchito. Masana ndi yophikira, madzulo ndi bulangete la banja lonse. Musandiuze za hitala ya magetsi, abale anga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndiwo amaunikira magetsi a Escom. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba ntchito mu 2022, koma magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse, ambirife timangoona mapanelo tikamadutsa pa njinga. Chotenthetsa nyumba chathu ndi mbaula basi.

Ndiye vuto ndi ili: nthawi imene mukuifuna kwambiri ndi imenenso imayamba makani. Mwakoleza, mwakupiza mpaka mkono kuwawa, yayaka mbali imodzi, mwangoti mulowe m'nyumba mukatenge ufa, pobwera mwapeza yazima. Lero iyaka bwinobwino, mawa utsi wokhawokha. Anthu akatopa amati yalakwa ndi mphepo, n'kuinyamula kulowa nayo m'nyumba, kutseka chitseko ndi zenera, kunsi kwa chitseko n'kutchingako ndi chiguduli. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga ya lero. Mbaula yozimazima nthawi zambiri imakhala ikusowa mpweya, ndipo kuitsekera m'nyumba sikuichiza ayi, koma kuisandutsa chiphe.

Tiyeni tiyambe taipima matenda ake limodzi ndi limodzi. Ngakhale ku maiko ozizira ngati Canada, kumene nyumba amatenthetsa ndi makina a gasi kapena mafuta, mmisiri akaitanidwa amayamba ndi mafunso omwewa: kodi choyakacho chikufika bwino, kodi mpweya ukulowa, kodi utsi uli ndi potulukira? Moto ndi umodzi, kaya ndi wa kunja kaya ndi wa pa khonde lathu.

Choyamba ndi makala. Thumba la makala limafanana ndi munthu wa pa kampeni: pamwamba akuluakulu okongola, mukafika pakati fumbi ndi nyenyeswa. Nyenyeswazo zikachuluka mu mbaula zimatseka njira zonse za mpweya ndipo moto umabanika. Sankhani, fumbi liike padera. Kenaka thyolani khala limodzi. Khala lopsa bwino limathyoka mwamsanga, m'kati mwake ndi mwakuda bii, ndipo mukawagundanitsa awiri amalira ngati mbale. Likakhala lofiirira m'kati ndiye kuti linaphulidwa lisanapse, ndi chikuni chimenecho, chidzakufukizirani utsi mpaka mutu. Komanso makala amamwa chinyontho. Thumba likagona panja pa mame kapena pansi pa dothi, musadabwe akamathetheka ndi kuzima. Ayanikeni padzuwa masana, musunge pa njerwa kapena pa thabwa.

Chachiwiri ndi phulusa. Pansi pa makala pali timabowo, ndipo timeneti ndiye mphuno za mbaula. Ukawafunsa amayi ena kuti, "Mayi, phulusali munataya liti?" amayankha kuti, "Aaa mwananga, dzana lomweli." Dzana? Phulusa la masiku atatu ladzaza m'munsi, timabowo tatsekeka, mpweya ulowera pati? Khuthulani tsiku ndi tsiku musanakoleze, ndipo tengani msomali kapena waya mutokose kabowo kalikonse mpaka muone kuwala.

Chachitatu ndi kachitseko ka m'munsi kaja. Sanakaike kuti kakongoletse. Pokoleza katsegulireni konse ndipo kayang'ane kumene kukuchokera mphepo. Makala akafiira katsekeni pang'ono kuti asanyeke msanga. Mwera ukalimba kwambiri, moto umalilima n'kutha makala nsima isanapse. Mankhwala ake si chipinda chogona. Isunthireni kuseri kwa khoma panja pomwepo, kapena itchingireni ndi chidutswa cha lata.

Chachinai ndi dongo la m'kati, kwa amene muli ndi mbaula zija za chitsulo kunja dongo m'kati, zimene zinatchuka kuchokera ku Kenya m'zaka za m'ma 1980. Ntchito ya dongolo ndi kusunga kutentha. Likang'aluka kapena kugumuka pansi, makala amagwera m'munsi ndipo mpweya umadutsa m'mbali osafika pa moto. Chimene chimaling'alula kwambiri ndi khalidwe lathu lozimitsa moto ndi madzi dongo lili lotentha. Mukatha kuphika, tsanulirani makalawo m'chitini, muvundikire, azima okha ndipo mawa mudzawagwiritsanso ntchito. Ming'alu yaing'ono imamatika ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga pang'ono, muisiye iume musanakoleze. Ikakhala yogumukiratu pitani nayo kwa amisiri okhoma zidebe pa msika akakuikireni dongo lina.

Chachisanu ndi poto. Tizitsulo titatu tokhazikapo poto tikathyoka, anthu amangokhazika poto pa makala penipeni. Mwautsekera moto kumwamba, upuma bwanji? Payenera kukhala mpata pakati pa makala ndi poto. Ndipo musadzaze makala mpaka kusefukira poganiza kuti kuchuluka kwake ndiko kutentha.

Kakolezedwe nakonso. Ambiri tazolowera majumbo, mapulasitiki ndi zidutswa za patapata. Zimenezi zimasungunuka n'kumata timabowo tija, ndipo utsi wake ndi woipa m'chifuwa, makamaka kwa ana. Zitsononkho zouma ndi timitengo tating'ono n'zokwanira. Moto ukangogwira, imikani pamwamba pa makala chitini chachitali chochotsa mbali zonse ziwiri. Mpweya wotentha ukamakwera m'chitinimo umakoka wina kuchokera m'munsi, ndipo mbaula imadzikupiza yokha inu mukusenda anyezi.

Amene muli ndi Chitetezo Mbaula ya nkhuni, lamulo ndi lomwelo. Mbaula za mtundu umenewu zinafala boma litalengeza mu 2013 kuti likufuna mbaula zosamala nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika 2020. Koma ndimaona anthu akulowetsa nkhuni zodzaza khomo lonse ngati akuotcha uvuni wa njerwa, kenaka n'kumati mbaula za mabungwe n'zachabechabe. Nkhuni ziwiri kapena zitatu zouma, zowaza bwino, n'kusiya mpata woti mpweya uzilowa kunsi kwake. Basi.

Mbaula yokonzedwa bwino imapulumutsanso thumba. Makala akudula, ndipo nkhalango ya Mua-Livulezi yomwe imatipatsa madzi kuno kunsi ikupitabe ndi nkhwangwa, ngakhale lamulo la za nkhalango analikhwimitsa mu 2020 kuti wootcha makala popanda chiphaso azilangidwa kolimba. Khala lililonse lomwe latha ndi utsi pa mbaula yotsekeka ndi mtengo wogwa pachabe.

Tsopano tibwere ku nkhani ya zenera. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni umene a sayansi amautcha carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, sutulutsa misozi ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Paja akulu anati tsoka silinunkha. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino maulendo opitirira 200, kotero kuti magazi amayenda m'thupi koma osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Munthu amayamba kumva litsipa, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo. Ali maso akhoza kudabwa n'kutuluka panja. Ali mtulo, kapena walawako kachasu, samva chilichonse. Amangopitirira.

Pali bodza lina lomwe lazika mizu, loti makala akafiira n'kusiya kufuka ndiye kuti aphera ululu, mukhoza kulowa nawo kuchipinda. Ayi ndithu. Makala ofiira opanda utsi akutulutsabe mpweya umenewu mpaka atasanduka phulusa. Ndamvaponso ena akuti kuwazapo mchere kapena kuika beseni la madzi pambali kumayamwa poizoniyo. Mchere ndi wa ndiwo, anthuni. Chochotsa mpweya woipa m'nyumba ndi mpweya wabwino wolowa pa zenera ndi pa khomo, palibenso china. Ndipo nyumba zamakono za malata, zopaka simenti, za mawindo a galasi, n'zoopsa kuposa za udzu za makolo athu zimene zinkapuma zokha m'denga.

Abale athu amene ali ku Joni akuidziwa nkhaniyi. Kumeneko amaitcha imbawula, ndipo nyengo yozizira ikafika a ntchito zadzidzidzi a mzinda wa Johannesburg amachenjeza anthu kuti asagone nayo m'nyumba. Kuno kwathu nako apolisi amalengeza za imfa zotere: mlonda wopezeka atauma m'kanyumba ka pa geti, banja lopezeka m'mawa chitseko chili chokhoma. Chimene chimandiwawa n'chakuti kumudzi anthu akafa chonchi, opanda bala, tonse timayamba kunong'ona za ufiti kapena za nsima yothira mankhwala, chala n'kuloza agogo ena osalakwa, pamene wakupha ali pakona pomwepo atazizira, phulusa lili mbuu.

Nanga tizigona bwanji ndi chisanu? Othani moto pa khonde kapena m'khitchini yotseguka. Mukalowa nayo pa balaza, zenera ndi chitseko zikhale zotsegula, wamkulu mmodzi akhale maso, ndipo mbaula ituluke panja munthu woyamba asanagone. Ikani njerwa pambali pa moto itenthe, muikulunge m'chitenje chakale, muike kumapazi. Botolo la madzi ofunda lotseka bwino limachitanso chimodzimodzi. Kunsi kwa mphasa yalani ziguduli kapena makatoni, chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera pansi. Mwana mumuveke chipewa ndi masokosi a pa kaunjika. Mwana wokwawa ndi m'bale wodwala khunyu asatsale okha pafupi ndi moto, ndipo neti ya udzudzu italikirane ndi mbaula.

Zikachitika kuti m'nyumba momwe muli mbaula anthu awiri kapena atatu adwala mutu nthawi imodzi, musafunefune panado. Tsegulani paliponse, tulukani nonse, mbaula ituluke. Mukampeza wina atakomoka, mutulutsireni panja, mumugoneke chammbali, musamumwetse mkaka, thobwa kapena madzi chifukwa atsamwa nazo. Thamangani naye ku chipatala cha Mua kapena china chilichonse chapafupi, ndipo mukafika nenani msanga kuti anagona ndi mbaula, chifukwa chimene akufunika ndi mpweya wa okosijeni. Ngakhale atatsitsimuka panjira, kafikeni nayebe. Makanda, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amagwa msanga.

Ndikupempha mafumu athu a m'dera la Kachindamoto, abusa, ansembe, mashehe ndi aphunzitsi kuti nkhani imeneyi aziinena pa misonkhano Meyi akangolowa, osadikira kukainena pa maliro. Inunso achimwene ndi achemwali amene mwawerenga nyuziyi, kawawerengereni agogo ndi amalume amene maso anatha. Madzulo ano musanakoleze, tembenuzani mbaula yanu, tayani phulusa, tokosani timabowo. Ndipo pogona, mbaula panja, inu m'nyumba. Tionane sabata yamawa, tonse tili moyo.