Timahedifoni ta madola 300 tisakwere boti

Anyamata a kunyanja, lero ndikuyambani dala. Amene akwiye akwiye.

Nkhani ndi ya timahedifoni tolowa m'khutu timene mwayamba kunyada nato. Ndivomere kaye: tapamwamba timamveka bwino, si bodza. Msuweni wanga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira Sony WF-1000XM5 sabata yathunthu. Bass yake ndi yonenepa koma siphimba woyimba. Mu nyimbo ya Lucius Banda imene ndakula nayo ndinamva kagitala kena kamene sindinkadziwa n'komwe kuti kalimo. AirPods Pro ndinayesa za mzungu wina ku Cape Maclear nditamukonzera injini. N'zopepuka, umaiwala kuti wavala, mawu amatuluka poyera, koma pa Tecno yanga zambiri sizinagwire chifukwa anazipangira iPhone. Kwa ife a Android, Sony yapambana. Mtengo wake? Sony inatuluka mu 2023 pa madola pafupifupi 300, AirPods Pro 2 mu 2022 pa 249. Sinthani nokha mu makwacha, muone kuti ndi ndowa zingati za usipa. (Timene ena mwatola pamsika m'kabokosi koyera tija si tenitenitu, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.)

Tsono chimene chikundipweteka ndi ichi. Ndalama zambiri pamenepo mukulipira noise cancelling. Timakhala ndi timaikolofoni timene timamva phokoso la kunja n'kutulutsa lina lolizimitsa, ndipo timachita bwino kwambiri pa phokoso lokhazikika, losasinthasintha. Phokoso lotero kwathu kuno ndi liti? Injini ya boti, aise. Nditavala Sony ija pafupi ndi injini ikulira, inamveka ngati ili kutsidya la nyanja. Ndinasangalala mphindi imodzi, kenako ndinachita mantha.

Ine injini ndimayeza ndi khutu ndisanagwire sipanala. Pulagi ikayamba kufa, mafuta akalowa madzi, injini imanena yokha. Mwezi watha anandibweretsera ya mahosi 15, pisitoni itagwira. Impela inatha, kamadzi kamene injini imakodza kumbuyo kanasiya, injini inatentha mpaka kulira kwake kunasintha. Mnyamata woyendetsa anali atatseka makutu onse awiri, ali mu amapiano. Anzake anakuwa, iye osamva. Anagona panyanja usiku wonse mpaka boti lina linawakoka m'mawa. Mwayi wake kunalibe mwera tsiku limenelo. Mwini boti tsopano akufunafuna ndalama za zipangizo, ndipo anthu onse a chilimira chimenecho angokhala pagombe.

Bambo anga, amene anakalambira pa bwato, amamva mphepo ikusintha usiku asanaone funde ndi limodzi lomwe. Inu mukugula chinthu chodula kuti chikuchotsereni chimenecho.

Wina anena kuti pali transparency mode yolowetsa mawu a kunja. Ilipodi, ndipo ya AirPods inandimvekera yachilengedwe kuposa ya Sony. Koma tanenani zoona, ndani amayatsa imeneyo injini ikusokosa? Winanso anena kuti phokoso la injini limawononga makutu. Zoona zimenezo, kupitirira ma decibel 85 kwa maola 8 khutu limavulala. N'chifukwa chake ine poyesa injini ndimaika totsekera m'makutu ta siponji, totchipa, tochepetsa phokoso basi, opanda nyimbo pamwamba pake. Injini ikatsokomola ndimamvabe.

Za madzinso musanamizidwe. IPX4 imene yalembedwa pa Sony ndi ya thukuta ndi madontho, osati kumira. Kamodzi kakagwera m'nyanja, madola 150 apita kwa kampango.

Muli nato? Mverani kunyumba, pa minibasi ya ku Mangochi, pokonza ukonde pamchenga. Inenso nditapeza ndalama ndingagule. Koma amene abwere kwanga ndi injini yogwira, ndiyamba ndamuyang'ana m'makutu, mtengo ndimuuza pambuyo.