Aphunzitsi amwalira mwadzidzidzi, mwana ndimuuze chiyani?

Agogo Namwino,

Ndine mayi wa zaka 31 wa ku Ulongwe m'boma la Balaka. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ali mu Sitandade 3. Mwezi watha aphunzitsi ake, mayi wa zaka 29 zokha, adamwalira mwadzidzidzi. Lachisanu adaphunzitsa bwinobwino ngakhale ankadandaula mutu. Loweruka m'mawa adagwa akuchapa, ndipo adatsirizika madzulo ake kuchipatala ku Liwonde. Madokotala adati mtsempha udaphulika m'mutu chifukwa cha BP. Maliro adaikidwa mawa lake kwawo ku Ntaja, kotero ana sadapiteko.

Amadamu amenewa ndi amene adaphunzitsa mwana wanga kuwerenga. Ankadziwa dzina la mwana aliyense, m'chikwama mwawo simunkasowa singano ndi ulusi wosokera yunifolomu yong'ambika, ndipo mwana akajomba masiku atatu ankamulondola kunyumba. Ife tidamuuza mwanayu kuti amadamu asamukira kutali, koma anzake amuuza zina. Tsopano akukana sukulu, wayambanso kukodza pogona. Kumudzi kuno ena akuloza chala agogo ena amene adakangana ndi malemuwa pankhani ya mbuzi. Amuna awo atsala ndi kamwana ka zaka ziwiri. Ndithandizeni.

Mayi wodandaula, Ulongwe

Zikomo mayi polemba, ndipo pepani ndi zovutazi. Pepaninso nonse a ku Ulongwe ndi a ku Ntaja. Maliro n'kulirana.

Ndiyambe ndi malemuwa. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana olembetsa sukulu adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi aang'ono m'sukulu zathu zambiri amadzaza thothotho. Kalasi imodzi ana 100 si chachilendo, ena pansi pa mtengo. Ndiye mphunzitsi amene amadziwa dzina la mwana aliyense pachigulu chotere, n'kumayendanso wapansi dzuwa la ku Balaka lija kukafunsa chimene mwana wajombera, ameneyo sankangodikira malipiro a pakutha pa mwezi ayi. Adali kholo. Musadabwe kuti mwana wanu wasokonezeka. Wataya munthu amene ankakhala naye m'mawa uliwonse, masiku asanu pasabata, munthu amene adamutsegula maso kuti zilembo zija n'mawu. Kumeneko n'kuferedwa kwenikweni, ngakhale panalibe ubale wamagazi.

Tsono muuzeni zoona, ndipo musachedwe. Ife akuluakulu timabisira ana za imfa poganiza kuti tikuwateteza, koma mwana amaona nkhope zathu, amamva manong'onong'o. Mukati "asamukira kutali," iye amadzifunsa kuti, bwanji sadanditsanzike? Kodi ndidawalakwira? Mukati "agona," mwana wina amayamba kuopa tulo. Khalani naye pansi pamalo a phee, mumugwire dzanja, munene mawu ake enieni: "Amadamu adamwalira. Adadwala matenda a m'mutu, madokotala adayesetsa koma zidakanika. Sadzabweranso kusukulu." Mumufotokozerenso kuti mudanena zosamukira zija chifukwa inunso mtima unkakuwawani. Za kumene munthu amapita akamwalira, muuzeni monga mwa chipembedzo cha pakhomo panu, kaya ndinu a kutchalitchi kaya a kumzikiti.

Mwana wa zaka zosakwana 5 saidziwa imfa kuti n'njosabwerera, ndiye amafunsa funso lomwelomwelo tsiku ndi tsiku. Wa zaka ngati za mwana wanuyu amadziwa, ndipo mantha ake amakhala awiri: kuti mwina iye ndiye adachititsa, ndi kuti mwina mayi kapena bambo ake nawonso amwalira. Muuzeni momveka kuti phokoso lake m'kalasi silidaphe munthu. Akakufunsani ngati inunso mumwalira, musalumbire zakumwamba. Muuzeni kuti muli bwino, mukudzisamalira, ndipo mutchule maina a anthu amene amamukonda ndi kumusamala.

Zokodza pogonazo musamumenye, musamuchititsenso manyazi pamaso pa abale ake. Thupi la mwana limalira m'njira zake: wina m'mimba, wina mutu, wina ukali, wina kukakamira mayi ake ngati khanda. Zimatha zokha mwana akakhazikika mtima. Kusukulu abwerere msanga, mumuperekeze masiku oyamba, mukaonane ndi aphunzitsi atsopanowo pamodzi ndi aphunzitsi aakulu kuti adziwe zimene zikuchitika. Koma pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mwana sakudya, sakugona, sakusewera ndi anzake, kapena akulankhula zofuna kutsatira amadamu, pitani naye kuchipatala. Zotsatira amadamuzo musadikire n'komwe, pitani tsiku lomwelo.

Tsopano ndilankhule monga namwino, kwa inu nonse maanja achinyamata. Ambiri mumayesa BP ndi matenda a nkhalamba kapena a mabwana onenepa a m'tauni. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe la WHO adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwowa sankadziwa. A kumudzi adali momwemo, oonda adali momwemo. Vuto la matendawa n'lakuti nthawi zambiri sapweteka. Magazi amakankha mitsempha mwamphamvu zaka ndi zaka, ngati chubu cha njinga chimene mwachipopa mopitirira, mpaka tsiku lina pamalo pofooka paphulika. Pakaphulika m'ubongo, ndiye sitiroko imeneyo. Anthu amati imfa yadzidzidzi, chonsecho matenda adayamba kalekale.

Kuyezetsa BP sikutenga mphindi zisanu, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere. Aliyense wamkulu ayezetse kamodzi pachaka. Akakuuzani manambala, alembetseni m'buku lanu la kuchipatala. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo maulendo angapo, ndiye kuti yakwera. Akakupatsani mankhwala, imwani tsiku lililonse ngakhale mukumva bwino. M'zaka zanga za m'mawodi, odwala sitiroko ambiri amene ndidawasamalira adali oti sadayezetsepo chibadwire, kapena adasiya mankhwala ati poti mutu udaleka. Chepetsani mchere: munthu asapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, magalamu 5, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Nsomba zouma zothira mchere muziyamba mwaziviika m'madzi n'kutaya madziwo. Fodya lekani, mowa chepetsani. Inu amayi oyembekezera, musajombe kusikelo, pakuti BP ya pamimba imapha mayi ndi mwana yemwe, ndipo imatha kubuka ngakhale masabata angapo mutachira kale.

Zizindikiro izi mukaziona musadikire kuti kuche: mutu waukulu wobwera mwadzidzidzi umene munthu sadaumvepo, kukamwa kupotokera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo kufooka, lilime kulemera, maso kuchita chidima, kukomoka. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, angatsamwe. Ngati wakomoka mugonekeni chammbali, pezani galimoto, thamangani naye. Chimodzimodzi munthu wotentha thupi amene wauma khosi kapena wayamba kubwebweta, ndi wotsekula m'mimba mwamadzimadzi kosalekeza. Kolera amene adabuka mu Malichi 2022, wodwala woyamba atapezeka pachipatala cha boma la Machinga, adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Matenda amenewo amatha kumaliza munthu wamphamvu m'maola ochepa chabe.

Za agogo akulozedwa chalawo, mayi, chonde musalowe nawo m'gulu limenelo, ndipo amuna anu akadziwitse amfumu ndi apolisi zinthu zisanafike poipa. Madokotala adanena chimene chidapha amadamu. Mkangano wa mbuzi suphulitsa mtsempha. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa mwankhanza powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Maliro amodzi adabala maliro ena anayi. Dziwaninso kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti n'mlandu. Ndipo ana akumva. Mwana amene mwamuuza kuti aphunzitsi ake adalodzedwa ndi agogo a kuseri kwa nyumba, mungayembekeze kuti agona tulo?

Bambo atsala ndi kamwana aja musawaiwale. Pamaliro anthu amadzaza bwalo, koma pakatha masabata awiri pakhomo pamati zii. Nthawi yothandiza ndi imeneyo. Amuna anu azikacheza nawo, pakuti abambo ambiri amalirira m'mimba, ena n'kuthawira kumowa. Muwakumbutse kusunga bwino mapepala: kalata ya imfa, ya ukwati, ndi ya kubadwa kwa mwana, chifukwa ndalama zimene boma limapereka wantchito wake akamwalira sizituluka popanda mapepala. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mwamuna kapena mkazi wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye n'mlandu. Inu nonse a zaka 18 kupita m'tsogolo mungathe kulemba wilu, n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri. Sankhani mboni zoti sizidzalandirapo kanthu. Kulemba wilu si kuitana imfa ayi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pomaliza, popeza ana sadapite kumaliro, apatseni mwayi wotsanzika. Kambiranani ndi komiti ya sukulu, mutapempha kaye chilolezo kwa abale a malemu, kuti pakhale tsiku lowakumbukira. Mwana aliyense alembe kakalata kapena ajambule chithunzi cha chimene amawakumbukira nacho. Makalatawo muwasokere pamodzi, muwapereke kwa bambo aja, kuti kamwana ka zaka ziwiri kaja kadzawerenge kakadzakula, kadzadziwe kuti mayi ake adali munthu wotani. Mvula ikagwa, anawo abzale mtengo wa mango pabwalo la sukulu, azithirira mosinthana. Inu amayi a m'gulu la amayi pasukulupo tengani singano ija, ndipo mwana akajomba masiku atatu, wina mwa inu amulondole kunyumba monga ankachitira malemuwa. Pemphaninso a zaumoyo a m'dera lanu kuti patsikulo abwere ndi makina a BP, ayeze aphunzitsi onse ndi makolo onse. Inu mayi ndi amuna anu mukhale oyamba pamzere.

Mundilemberenso mwezi wamawa, mundiuze mmene mwanayo akupezera.

Agogo Namwino