Ngodya ya Mwalimu: Mthunzi pa Chipale Chofewa

Abale athu a ku London ndi ku Leicester amakonda kutumiza zithunzi za chipale chofewa, madzi oundana amene amagwa ngati ufa woyera m'nyengo yachisanu. Zokongola koposa ndi zija zoonetsa mithunzi ya mitengo ndi mipanda itagona pachipalepo.

Wofuna kujambula alawirire anthu asanapondepo, ndipo aime poti mthunzi wake usalowe m'chithunzi. Chipale chatsopano chimabweza magawo 80 mwa 100 a kuwala kwa dzuwa, choncho kamera imanyengedwa n'kudetsa chithunzi. Wojambula aiwonjezere kuwala. Mithunziyo imaoneka yabuluu chifukwa pamalo potchingika dzuwa, kuwala kofikapo n'kochokera kuthambo.

Koma taonani kutalika kwake! Pa 21 Disembala ku London, dzuwa limakwera madigiri 15 okha ngakhale masana enieni. Ndodo ya mita imodzi imakhala ndi mthunzi wa mamita 3.7, pamene ku Blantyre tsiku lomwelo sufika masentimita 15.

Apa mpofunika kusamala. Ana kumadrasa amaloweza kuti Asr imalowa mthunzi wa chinthu ukalingana ndi chinthucho. Ambiri amaiwala theka lina la lamuloli monga mwa madhhab ya Imam Shafi'i: timayamba tayeza mthunzi wotsala dzuwa likafika paliwombo, kenako n'kuwonjezerapo msinkhu wa chinthucho. Kwathu kuno m'dzinja mthunzi wotsalawo ndi waung'ono, kuiwalako sikuoneka. Ku London woiwala angaganize kuti Asr yalowa kale pamene ndi Dhuhr yomwe isanalowe. Zoona zake n'zakuti mthunzi wa ndodo ija uyenera kufika mamita 4.7, ndipo umafika 2 koloko isanakwane. Maghrib nayo imalowa 4 koloko isanakwane. Wapantchito amene adikira kuweruka apeza Swala ziwiri zitamudutsa.

Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Furqan ndime 45, ikutikumbutsa kuti mwini mthunzi ndi Allah. Makolo, zikani ndodo pabwalo, ana ayeze mthunzi wake masana ndi madzulo. Ndipo poyamikira chithunzi cha m'bale wakunja, mumufunsenso ngati ali ndi ndandanda wa nthawi za Swala wa mzikiti wakumeneko. Allah ndiye Wodziwa koposa.