Pangano Lisasinthidwe Mumdima

Lamya ya m'manja yasanduka khasu la masiku ano. Mlimi amamverapo mitengo ya mbewu, ndipo wogwira ntchito m'tauni amatumizirapo makolo ndalama. Motero kampani imene ichepetsa mwakachetechete zimene inalonjeza polembetsa anthu imalakwira mtundu wonse.

M'chaka cha 2021 bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC linalamula kampani ya Airtel Malaŵi kulipira K2.1 biliyoni chifukwa inaleka kupereka yokha bonasi ya Khethekhethe, niyamba kufuna kuti anthu aziitanitsa okha. M'chaka cha 2023 Khoti Lalikulu linagamula kuti bungwelo linalibe mphamvu yolipiritsa. Nyumba ya Malamulo inatseka mpata umenewu ndi lamulo la 2024, limene limalola chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene kampani imapeza pachaka.

Komatu lamulo losadziŵika lili ngati nkhwangwa yopanda mpini. Tsono atsogoleri a Chipani m'nthambi zonse pamodzi ndi ogwira ntchito za Boma afotokozere anthu pamisonkhano kuti azisunga mauthenga a malonjezo a makampani, ndipo pangano likasintha popanda chidziŵitso akadandaule ku CFTC kapena ku MACRA. Wopirira mwakachetechete amalimbitsa mtima wophwanya pangano.